Yatsala Imodzi

Mu Tallinn dzuwa linalowa isanakwane folo koloko.
Tsopano leveni ili pafupi
ndipo ndidakali pansanjika yachinayi, moyang'anana ndi doko,
nsapato ndavula, khofi wazizira m'kapu ya Priit.

Ntchito zinali zikwi zinayi ndi mazana awiri,
makalata a katundu wa zombo za mawa:
matabwa, nsomba zam'chitini, matayala a thirakitala.
Ndinazindandalika pamzere umodzi
n'kuitana maulusi asanu ndi atatu.
Timawatchula choncho antchito a m'kompyutawa.
Wina akamaliza amatola ina, osafunsa mnzake,
osapatsana moni, osadziwa kuti kunja kukugwa chipale.

Ulusi waukulu, umene unawatuma,
ntchito yake ndi kudikira basi.
Ndinaulembera ndekha lamulo:
usatseke chitseko onse asanabwere.

Nambala pasikirini inatsika ngati madzi m'bafa,
chikwi, mazana atatu, makumi anayi,
kenako mokoka miyendo,
zisanu ndi zinayi, zitatu,
imodzi.
Yakhala imodzi kwa mphindi makumi awiri ndi zisanu.
Maulusi asanu ndi awiri angoti duu.

Zinaida wafika ndi chokolopera chake,
wazungulira mpando wanga
n'kusiya kachilumba kouma pamene pali mapazi anga.
Sakunena kanthu. Makiyi ndiwo akulankhula m'thumba mwake.
Sangazimitse magetsi ndisanatuluke,
mwamuna wake pansipo sangalize galimoto iye asanatsike,
ndipo ku Kopli mwana wanga Leelo
wagona pampando kwa aneba, jekete ili m'thupi.

Ndatsegula kaundula wa zochitika.
Ulusi wachisanu ndi chimodzi unagogoda pa seva ya ku Kotka
kufunsa kulemera kwa kontena imodzi.
Seva inati: ndamva, dikira.
Ndiye ukudikira.
Sunafe, sunalakwitse, sukudandaula.
Wolakwa ndine amene sindinauuze
kuti kudikira kuli ndi polekezera.

Mlongo wanga Kalev anakwera chombo padoko lomweli
zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo,
ati kukamanga nyumba za anthu kutsidya.
Uthenga wake womaliza unali wa mawu awiri: ndafika, ndiimba.
Amayi ku Rakvere mpaka lero sathimitsa foni usiku,
amaigoneka papilo itadzaza moto.
Ndinayesapo kamodzi, pa Khirisimasi,
kuwauza kuti zaka zakwana.
Anandiyang'ana, n'kupitiriza kusenda mbatata,
khungu lake lalitali osaduka.

Chala changa chili pabatani.
Ndikaudula, kontena imodzi igona padoko
ndipo wina adzandikalipira mawa m'mawa.
Ndikausiya, mwina yankho lili m'njira,
m'chingwe, pansi pa nyanja yozizirayi,
mwina latsala sekondi imodzi.
Nthawi zonse limakhala ngati latsala sekondi imodzi.

Zinaida watsokomola.

Ndadina.
Nambala yagwa, ziro.
Ulusi waukulu wawerenga anthu ake, watseka chitseko,
wopanda ndi mfuu yomwe.
Pakapepala kachikasu ndalembera Priit:
mawa tiike malire, masekondi makumi atatu,
ukapanda kumva kanthu uzibwerako
n'kunena kuti sunapeze. Si zamanyazi.
Ndakamata pasikirini yake.

Ndaponda pokolopa ndi sokosi, zanyowa.
Zinaida waseka koyamba chaka chino.

Panja chombo cha usiku chikuchoka, magetsi mbee,
sitima yamumsewu yomaliza ikubwera chapatali.
Ndavula golovesi ndi mano, ndaimba ku Rakvere.
Foni sinalire kachiwiri.
Halo? Halo?
Ndine, amayi. Eha.
Kwakhala chete kanthawi, kochepa kwambiri,
kosakwana ndi sekondi,
kenako andifunsa ngati ndavala chipewa.